Gitala ikamalira moipa, cholakwa chimakhala pati? Za processor, nthambo ndi magetsi

Si kale kwambiri pamene woimba gitala mu bandi ankadziwika ndi ampu yake, chibokosi cholemera chimene anyamata awiri ankathandizana kukweza pa galimoto. Lero mukalowa m'matchalitchi a ku Area 25, ku Kawale kapena ku Area 18 mu Lilongwe Loweruka masana, nthawi imene a praise team akukonzekera mapemphero a mawa lake, mupeza ambiri atangoyala pansi kabokosi ka zopondaponda ndi kasikirini kowala. Nthambo imodzi yachoka ku gitala kulowa m'kabokosiko, ina yatuluka kupita ku mikisa, chida chimene wa saundi amasakanizira mawu onse, ampu palibe. N'chimodzimodzinso mabandi oimba pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Kabokosi kameneka ena amakatcha processor, ena amangoti ma effects.

Kusinthaku kwabwera ndi mkangano wake. Wa gitala amati kunyumba, pa mahedifoni, zonse zimamveka bwino, ndiye kuti wa saundi ndi amene akuwononga. Wa saundi amati iye sanakhudze kalikonse, processor ndiyo yabodza, kapena yapsa. Onse awiri amakhala akunena zoona pa zimene makutu awo akumva. Kungoti processor ndi malo amodzi okha pa njira yaitali imene mawu a gitala amadutsa asanafike kwa anthu, ndipo mavuto ambiri amene timaikankhira amabadwira polowera ndi potulukira pake: nthambo yolakwika, bowo lolakwika, adaputala yosayenera, kapena processor yosauzidwa kumene mawu ake akupita. Tiyeni tiiyende njirayi kuyambira pa nsambo.

Kamagetsi kofooka kochokera pa nsambo

Gitala yamagetsi sigwira mawu ngati mmene maiki imachitira. Pansi pa nsambo pali pickup, imene ndi maginito okulungidwa ndi kawaya ka kopa kopyapyala maulendo zikwi zingapo. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'kawayamo mumabadwa kamagetsi kotsatira kunjenjemerako, nthawi zambiri kosakwana ngakhale volt imodzi. Kamagetsi kameneka ndi kamene amisiri amati signal. Nzeruyi inayamba kugulitsidwa ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, pa gitala imene George Beauchamp anakonza pamodzi ndi Adolph Rickenbacker, ndipo Fender Stratocaster ya 1954 imagwira ntchito mofanana ndi gitala yatsopano ya m'sitolo lero.

Kawaya kokulungidwako sikasankha. Kamatola kunjenjemera kwa nsambo, kamatolanso mphamvu yochokera ku mawaya a m'khoma, ku mababu ena, ku chaja ya laputopu, ngakhale ku foni imene ili m'thumba mwanu. N'chifukwa chake Seth Lover wa ku kampani ya Gibson anakonza humbucker, imene inayamba kuoneka pa magitala awo mu 1957: zokulunga ziwiri zoyang'ana mosiyana, kuti phokoso limene ina yatola lifafanizidwe ndi inzake. Pa magitala ambiri a masiku ano a mtundu wa Stratocaster, mukaika kosinthira ma pickup pa malo achiwiri kapena achinayi, ma pickup awiri amagwira ntchito pamodzi mwanjira yomweyo ndipo kung'ung'uza kumachepa. Ngati phokoso likusintha mukamatembenuka ndi gitala, kapena likutheratu mukatseka voliyumu ya pa gitalapo, musavutike ndi processor. Likulowera pa pickup.

Apa m'pamene pamabwera mawu amene amasokoneza ambiri, akuti impedance. Ganizirani tsiku limene madzi a m'mipopi afooka. Mukatsegula mpopi umodzi pang'ono, madzi amatuluka ndithu. Mukatsegula mipopi yonse pabwalo nthawi imodzi, iliyonse imangodontha. Pickup ili ngati madzi ofookawo, ndipo bowo limene mwailumikizako ndilo mpopi. Bowo la gitala pa ampu kapena pa processor limakoka pang'ono kwambiri, chifukwa impedance yake imakhala pafupifupi ma ohm 1,000,000. Bowo la line pa mikisa, limene ndi la kiyibodi ndi zina zotero, limakhala cha m'ma 10,000, motero limakoka kwambiri. Mukabaya gitala mwachindunji pamenepo mawu amafooka ndipo kuthwa kwake kumathawa, n'kutsala gitala yomveka ngati ili m'chipinda china. Mankhwala ake ndi DI box, kabokosi kosintha signal ya gitala kuti iyenerane ndi mikisa, kapena bowo lolembedwa Hi-Z kapena INST. Processor nayo imathetsa vutoli, chifukwa signal imene imatulutsa imakhala yolimba kale.

Nthambo zofanana maonekedwe, zosiyana ntchito

Jack ya gitala, yonenepa mamilimita 6.35, ndi yakale kuposa gitala yamagetsi imene. Inachokera ku malo olumikizira matelefoni a kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kumene antchito ankangokhalira kuzula ndi kubaya nthambo tsiku lonse. Mukaiyang'ana kunsonga muona mzere wakuda umodzi kapena iwiri. Ya mzere umodzi ndi TS: m'kati muli waya wa signal, wozunguliridwa ndi ukonde wa timawaya totchinga phokoso. Imeneyi ndiyo ya gitala, ndipo ikapitirira mamita 5 kapena 6 imayamba kudya kuthwa kwa mawu ndi kutola phokoso. Ya mizere iwiri ndi TRS, ili ndi njira zitatu.

XLR, ya mano atatu imene timaiona pa maiki, inachokera ku kampani ya Cannon ya ku Los Angeles. Ubwino wake uli pa njira imene amati balanced. Signal imayenda m'mawaya awiri nthawi imodzi, ndipo mikisa imangotenga kusiyana kwa awiriwo. Phokoso limene nthambo yatola m'njira limalowa mofanana m'mawaya onse, ndiye likafika ku mikisa limadzifafaniza lokha. N'chifukwa chake nthambo ya maiki imayenda mamita makumi angapo kuchoka kutsogolo kwa tchalitchi kukafika kumbuyo popanda vuto, pomwe ya gitala singathe. Ngati processor yanu ili ndi potulukira pa XLR, gwiritsani ntchito pamenepo. Ngati ilibe, nthambo yaifupi ipite ku DI box, kenako XLR ndiyo iyende ulendo wautaliwo.

TRS ili ndi msampha wake umene ndikufuna muudziwe, chifukwa umagwira anthu ambiri. Nthambo yomweyo ikhoza kunyamula signal imodzi ya balanced, kapena ma signal awiri a stereo, kumanzere ndi kumanja, monga pa mahedifoni. Munthu akatenga mawu pa bowo la mahedifoni ndi nthambo ya TRS n'kubaya pa bowo limodzi la balanced pa mikisa, mikisayo imachotsa kumanja pa kumanzere. Zonse zimene zinali zofanana mbali ziwirizo, kutanthauza gitala yeniyeniyo, zimasowa, n'kutsala reverb yokha, kamchira ka mawu komveka ngati muli m'holo, ngati mzukwa wa gitala. Chida sichinaonongeke. Potulukira poyenera mukakhala ndi chanelo imodzi yokha ndi pamene palembedwa L/MONO.

Nthambo ya sipika nayo nthawi zina imakhala ndi jack yofanana ndi ya gitala, koma m'kati muli mawaya awiri onenepa opanda ukonde wotchinga. Mukaiika pa gitala imang'ung'uza. Mukachita mosemphanitsa, kuika ya gitala pakati pa ampu ndi sipika, kawaya kake kopyapyala kamatentha ndipo ampu ikhoza kuonongeka. Choopsa koposa ndicho kutenga mawu pa bowo la ampu lolembedwa SPEAKER n'kupita nawo ku mikisa kapena ku processor. Pamenepo pamatuluka mphamvu yoyendetsa sipika, osati signal, ndipo imaotcha chimene yapeza. Wa saundi akumbukirenso phantom power, ma volt 48 amene mikisa imatumiza pa XLR kudyetsa maiki a condenser. Processor siwafuna, ndipo mabuku a ma processor ena amachenjeza kuti azimitsidwe pa chanelo imene mwalumikiza.

Ma effects ndi ndondomeko yake

Effect ndi chilichonse chosintha signal isanafike ku sipika. Gibson anatulutsa Maestro Fuzz-Tone mu 1962, kabokosi kosasitsa mawu dala. Roland ya ku Japan inatulutsa Space Echo mu 1974, imene inkabwereza mawu pogwiritsa ntchito tepi yozungulira, kenako ampu ya Jazz Chorus mu 1975, yotchuka ndi mawu oyera onyezimira. Tube Screamer ya Ibanez inabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kale chilichonse chinali kabokosi pachokha, ndi batire lake ndi nthambo zake. Processor imangosonkhanitsa zonsezi m'nyumba imodzi ndi kukumbukira mmene mwazikonzera, zimene timati preset kapena patch.

Ndondomeko imene ambiri amatsata ndi yoti compressor (yolinganiza kukula kwa mawu) ndi wah (chopondera choliza gitala ngati ikuti "wawa") zikhale koyamba, overdrive (yosasitsa mawu) pambuyo pake, kenako gawo loyerekeza ampu, ndipo chorus (yomveketsa gitala imodzi ngati zingapo), delay (yobwereza mawu) ndi reverb zikhale chakumapeto. Si lamulo, koma pali chifukwa chake: mukasasitsa mawu amene abwerezedwa kale ndi delay, zonse zimasakanikirana osamvekanso kuti mukuimba chiyani. Kwa ife amene lidi gitala yathu yatengera zambiri ku rumba ya ku Congo ndi sungura ya ku Zimbabwe, kumene noti iliyonse imafunika kumveka payokha, zimenezi n'zofunika kwambiri.

Gain, mulingo umene signal imakwezedwa nawo polowa, ndiyo imapusitsa. Mukaikweza mawu amakoma ndi kutalika, koma walira mvula walira matope: imakweza chilichonse chimene chalowa, kuphatikizapo phokoso la pickup. Ma preset ambiri obwera ndi chida kuchokera kufakitale amakhala ndi gain ndi reverb wambiri kuti akope munthu woyesa m'sitolo. Noise gate imatseka njira mukasiya kuimba, motero imabisa phokosolo osalichiza, ndipo mukaikhwimitsa kwambiri imadula mchira wa noti. Palinso kusasa kwina kosakoma, kokhala ngati kuthetheka, kumene kumabwera signal ikakula kupitirira pamene chida chingalandire. Kawirikawiri zimachitika processor ikatumiza mphamvu ya line pa bowo la maiki, gain ya pa mikisa ili pamwamba. Kanyali kofiira kakamayaka pa chanelo, tsitsani gain ya chaneloyo kapena dinani PAD, batani lochepetsa signal yolowa. Kutsitsa fader, kotsetsereka ka voliyumu pa mikisa, kumangochepetsa voliyumu ya mawu amene aonongeka kale.

Modelling: kompyuta yoyerekeza ampu

Ampu zotchuka za kale, za Fender, Vox ndi Marshall, zinkagwiritsa ntchito ma valve, timabotolo tagalasi totentha, ndipo mtundu uliwonse unali ndi liwu lake. Modelling ndi kuphunzitsa kompyuta yaing'ono ya m'processor kuti iyerekeze liwu limenelo. Signal ya gitala imayezedwa maulendo 44,100 kapena 48,000 pa sekondi, mwinanso kuposa apo, n'kusanduka manambala. Manambalawo amawerengeredwa motsatira mmene ampu yeniyeni ikanachitira, kenako amabwezeredwa kukhala signal.

Roland anatulutsa VG-8 mu 1995. Line 6 ya ku California inatulutsa ampu ya AxSys mu 1996 ndi POD, kachida kofiira kooneka ngati nyemba, mu 1998, ndipo POD ndi imene inafikitsa nzeruyi kwa anthu wamba. Axe-Fx ya Fractal Audio inabwera mu 2006, Helix ya Line 6 mu 2015. Zida zotsika mtengo za Zoom ndi Boss zimene achinyamata ambiri amayambira zimayenda pa mfundo yomweyo, kusiyana kwake kuli pa mphamvu ya kompyuta ya m'kati ndi kuchuluka kwa mabowo olumikizira.

Mu 2011 kampani ya ku Germany ya Kemper inabwera ndi njira ina. M'malo moti akatswiri aphunzire kachida kalikonse ka m'kati mwa ampu, chida chawo chimatumiza phokoso loyesera mu ampu yeniyeni, n'kumvetsera pa maiki zimene zikutuluka, n'kudzisintha mpaka chifanane nayo. Njirayi amati profiling kapena capture. Quad Cortex ya Neural DSP ya ku Finland ndi TONEX ya IK Multimedia ya ku Italy zimachita zofananako, ndipo pali pulogalamu yaulere ya Neural Amp Modeler imene aliyense angaike pa laputopu. Kusiyana kwa njira ziwirizi n'koti model imakupatsani ampu yonse ndi zopotokola zake, pomwe capture imakupatsani ampu mmene inalili pa nthawi imene ankaijambula. Mukapita nayo kutali ndi pamenepo, kufanana kuja kumachepa.

Ena anafika poyerekeza gitala imene. Variax ya Line 6, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inkamva nsambo iliyonse payokha kudzera pa tizida ta piezo pa bridge, pamene nsambo zimakhazikika pa thupi la gitala, ndipo inkatha kumveka ngati Stratocaster, Les Paul, gitala ya bokosi kapena banjo. Gitala yotere imafuna magetsi akeake, motero ikasiya kumveka choyamba kuona ndi batire.

Tsopano nayi mfundo imene ine ndimaona kuti ndiyo gwero la mikangano yambiri ya Loweruka masana. Liwu limene timati la ampu, gawo lalikulu ndi la sipika yake. Sipika ya gitala, nthawi zambiri ya mainchesi 12, simveka bwino mawu akapitirira ma hertz 5,000 (kunjenjemera maulendo 5,000 pa sekondi) kapena chapomwepo, ndipo kulephera kumeneko n'kumene kumakometsa overdrive, chifukwa kumadula kukanda konse kwa pamwamba. Masipika a PA, amene amafikitsa mawu a pa mikisa kwa anthu onse, ndi mahedifoni alibe malire amenewo, amatulutsa zonse. N'chifukwa chake processor imakhala ndi gawo loyerekeza sipika ya gitala ndi maiki yoikidwa patsogolo pake, lolembedwa CAB kapena IR. IR ndi kafayilo kakang'ono kosunga mmene sipika ina, yojambulidwa ndi maiki ina, imasinthira mawu.

Ndiye pali zolakwika ziwiri zotsutsana. Mukapita ku mikisa CAB ili yozimitsa, overdrive imalasa m'makutu. Mukapita ku ampu yeniyeni ya gitala CAB ili yoyatsa, mawu amadutsa m'sipika kawiri, yoyerekeza ndi yeniyeni, ndipo amatuluka ophimbika. Processor singadziwe yokha kumene mwailumikiza. Zambiri zili ndi malo m'menyu, pa Boss amalemba OUTPUT SELECT, pamene mumaiuza ngati mukupita ku mikisa, kutsogolo kwa ampu, kapena ku bowo la RETURN kumbuyo kwa ampu. Bowo la RETURN limadumpha gawo loyamba la ampuyo n'kusiya processor kuti ndiyo iumbe liwu. Woimba amene Lachisanu anali pa ukwati ndi ampu, Lamlungu ali kutchalitchi ndi mikisa, ayenera kusintha pamenepa ulendo uliwonse.

Nanga zija zoti kunyumba zimamveka bwino? Wa gitala sanama. Mu 1933 Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Laboratories anaonetsa kuti khutu la munthu silimva mawu a pansi ndi a pamwamba mofanana voliyumu ikasintha. Pa voliyumu yotsika besi imamveka yochepa, ndiye munthu wokonza preset usiku m'chipinda amaiwonjezera, n'kuwonjezeranso kuthwa. Preset yomweyo ikakwera pa masipika aakulu m'holo ya makoma a simenti ndi denga la malata, besi imalimbana ndi wa besi gitala ndipo kuthwa kumapweteka. Preset ya pa siteji imafunika kukonzedwa pa voliyumu ya pa siteji, bandi yonse ikuimba. Ambiri amayamba ndi kudula mawu a pansi pa ma hertz 80 mpaka 100, ndi a pamwamba pa 6,000 mpaka 8,000, kenako n'kusintha motsatira khutu.

Magetsi

Magetsi a ESCOM ndi a ma volt 230, osinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo pulagi yathu ndi ya mano atatu ngati ya ku Britain. Kung'ung'uza kwa magetsi kumalira pa ma hertz 50 omwewo, pafupi kwambiri ndi noti ya G imene ili pa fret yachitatu ya nsambo ya E pa besi gitala. Mukamva phokoso lotsika losasintha lokhala pamenepo, dziwani kuti ndi la m'khoma. Ku America magetsi ndi a ma volt 120, motero chida chimene m'bale wakutumizirani kuchokera kumeneko muyambe mwawerenga kumbuyo kwake. Ngati palembedwa 100–240V chigwira ntchito kuno. Ngati palembedwa 120V yokha, chipsa mukangochibaya popanda transformer.

Zida zambiri zogwiritsidwa kale ntchito zimafika zopanda adaputala yake, ndipo apa m'pamene zambiri zimafera. Kukwana kwa pulagi pa bowo si umboni woti adaputala ndi yoyenera. Ma volt afanane ndendende. Kenako muone ngati chidacho chikufuna DC kapena AC, chifukwa ma POD akale, mwachitsanzo, ankadya ma volt 9 a AC. Muonenso kachizindikiro kosonyeza ngati pakati pa pulagi ndi negative kapena positive: zida za Boss ndi zina zambiri za gitala zimafuna negative pakati, pomwe ma adaputala ambiri a zinthu za m'nyumba ali mosemphanitsa. Chomaliza ndi ma milliamp. Overdrive wamba imadya ochepa kwambiri, koma processor imadya mazanamazana, ndipo adaputala ya HX Stomp ya Line 6 ndi ya ma amp atatu. Adaputala yokhala ndi ma milliamp ochuluka kuposa ofunika ilibe vuto. Yoperewera ndiyo imachititsa processor kuzima yokha, kuyambiranso pakati pa nyimbo, kapena kulira kaphokoso kosongoka.

Ground loop imabadwa zida ziwiri zikalumikizidwa ku earth m'njira ziwiri: kudzera m'masoketi osiyana, komanso kudzera m'nthambo ya mawu imene ili pakati pawo. Kamagetsi kamayamba kuzungulira m'njira imeneyo n'kumveka ngati kung'ung'uza kumene sikusintha ngakhale mutatseka voliyumu ya gitala. Kumakonda kuyamba mukangobaya USB ku laputopu imene ili pa chaja, kapena zida za kutsogolo zikamadya soketi ina, mikisa inanso. Yesani kuzula chaja ya laputopu, kudyetsa zida zonse za mawu pa mzere umodzi wa magetsi, kapena kudina GROUND LIFT pa DI box kapena pa processor. Batani limenelo limangodula earth ya m'nthambo ya mawu, ndipo ndi lotetezeka.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musachite ndicho kudula waya wa earth pa pulagi kapena pa ekisitenshoni. Phokoso limathadi, n'chifukwa chake anthu amachita. Koma nsambo za gitala zimalumikizana ndi thupi la ampu kudzera m'nthambo, ndipo tsiku limene chida chidzaonongeke m'kati, magetsi opanda njira yopita pansi adzadutsa mwa munthu amene wagwira nsambo, milomo yake ili pa maiki. Les Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atakhudza maiki imene inali ndi magetsi. Ngati milomo ikumva kanyesi mukayandikira maiki mutagwira gitala, siyani kuimba, itanani wa magetsi wodziwa ntchito.

Pa jenereta, musalole zida za mawu kugawana mzere ndi firiji kapena choziziritsira zakumwa, chifukwa injini zake zikamayamba magetsi amagwa. Magetsi akazima zulani zida, ndipo akabwera dikirani pang'ono musanabaye. Poyatsa, masipika akhale omaliza, pozimitsa akhale oyamba. Ndipo musayambe kuika firmware yatsopano, pulogalamu ya m'kati mwa processor, pa nthawi imene magetsi angathe kuzima, popeza ntchitoyo ikadukira pakati processor ikhoza kukana kuyaka. Sungani kaye ma preset anu pa kompyuta.

Kuchedwa kwa mawu

Kompyuta imafuna kanthawi kuti iwerengere, ndipo kanthawi kameneka amati latency. Mawu amayenda mumpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho milisekondi imodzi ikufanana ndi kuima masentimita 34 kutali ndi sipika. Processor ya pansi imachedwa mamilisekondi ochepa chabe, ngati kusuntha phazi limodzi kapena awiri kuchoka pa ampu. Pa laputopu nkhani imasintha: kompyuta imayamba yasonkhanitsa kamulu ka manambala, kotchedwa buffer, isanawerengere, ndipo buffer ya manambala 128 pa maulendo 48,000 pa sekondi imatenga mamilisekondi 2.7 polowa ndi enanso otero potuluka, koma ya 1,024 imapitirira 20 mbali iliyonse, ndipo dzanja limamva kuti mawu akutsalira. Pa Windows pamafunika audio interface, kabokosi kolumikiza gitala ku kompyuta, ndi pulogalamu yoiyendetsa, driver yake ya ASIO. Mahedifoni ndi masipika a Bluetooth amachedwa kwambiri moti sangagwire ntchito poimba.

Kusaka vuto

Njira yodalirika ndi kufupikitsa ulendo wa signal. Gitala, nthambo imodzi imene mukuidziwa kuti ndi yabwino, processor, mahedifoni, basi. Ngati pamenepo zikumveka bwino, gitala ndi processor zilibe mlandu, ndipo muziwonjezera chinthu chimodzichimodzi mpaka vuto litabwerera. Ngati sizikumveka, tsegulani tuner, gawo lochunira nsambo. Ikamaona noti ndiye kuti signal ikulowa, ndipo chotseka chili m'kati: chopondera cha voliyumu chili chakumbuyo, gawo lina la preset latsitsidwa, kapena tuner yomweyo ndiyo yatseka mawu. Yesani preset yopanda kanthu. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa likatha simudziwa chimene chalithetsa, ndipo sabata yamawa lidzakupezaninso.

Nthambo ndi imene imayamba kufa, makamaka pakhosi pa jack. Igwedezeni pamenepo mukumvetsera. Nati ya bowo la pa gitala ikamasuka, bowolo limazungulira mpaka kudula timawaya ta m'kati. Fumbi la Lilongwe la miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala limalowa m'zopotokola ndi m'mabowo n'kuyambitsa kuthetheka, ndipo chotsukira chake ndi contact cleaner, osati mafuta. Factory reset, kubwezera processor mmene inachokera kufakitale, ikhale yomaliza, chifukwa imafufuta ntchito yanu yonse.

Zimene sizinathe kukambidwa

Kodi processor yafika pofanana ndi ampu ya ma valve? Amene amati inde amaloza mabandi akuluakulu amene akuyenda dziko lonse opanda ampu pa siteji. Amene amati ayi amanena za mmene ampu imayankhira dzanja ndi mmene imakankhira mpweya kumbuyo kwa woimba. Mbali ina ya mkanganowu imachokera poti akuyerekeza zinthu ziwiri zosiyana: processor imakupatsani liwu la ampu yojambulidwa ndi maiki, limene omvera akhala akumva nthawi zonse, pomwe woimba anazolowera la ampu imene ili pafupi ndi miyendo yake. Mbali yotsalayo ndi ya khutu la munthu payekha, ndipo palibe chida choyezera.

Palinso funso la umwini. Munthu akajambula capture ya ampu imene kampani ina inavutika kupanga, n'kumaigulitsa pa intaneti, liwulo ndi la yani? Ndipo poti ma model ambiri amatengera ampu zotchuka m'nyimbo za rock ndi blues za ku America ndi ku Britain, kodi achinyamata amene akuphunzira gitala pa ma preset amenewa adzasunga kaimbidwe ka kuno, kapena adzatulukira liwu lina limene sitinalimvepo?

Pa siteji, ampu ikachoka, woimba amadzimva kudzera pa monitor, sipika yoyang'ana oimba, imene ili m'manja mwa wa saundi. Wa saundi amasangalala chifukwa phokoso la kutsogolo lachepa, koma woimba wataya ulamuliro umene anali nawo. Ndani ali ndi mawu omaliza pa kamvekedwe ka gitala? Matchalitchi ndi mabandi ambiri sanagwirizanebe.

Funso lolemera kwa ife ndi la kukonza. Ampu yakale ikafa, mmisiri wa mawailesi ku Old Town akhoza kuitsegula, kupeza kachida kamene kapsa n'kuikapo kena. Jack, chopondera kapena bowo la adaputala la processor nazo zimakonzeka. Koma ikafa bolodi ya m'kati kapena sikirini, chosinthira chimachokera kwa amene anaipanga, kunja, ndi ndalama zakunja. Kampaniyo ikasiya kupanga mtundu umenewo, kapena pulogalamu yake ikasiya kugwira pa makompyuta atsopano, kodi chida chimene tchalitchi chinasonkhera miyezi yambiri chidzatumikira zaka zingati, ndipo adzachikonze ndani?